Mabotolo a Modesta

Agnesi atatsegula firiji ya m'nyumba ya Modesta anabwerera m'mbuyo, chitenje chili pamphuno. Magetsi anali atazima kuyambira tsiku la maliro, ndipo fungo lake linali ngati la khoswe wofera kudenga.

"Taona nyansizi," anatero mchimwene wake, a Zakariya, ali pakhomo. Analavula. "Munthu wophunzira n'kumasunga zowola m'nyumba? Kataye kuchimbudzi."

Malemu Modesta, mchemwali wawo, anagwira ntchito zaka zambiri mu labotale ku Lilongwe, akufufuza za chuku ndi mabakiteriya. Matenda atakula anabwerera ku Golomoti, koma ntchito sanaisiye. Ankatapa dothi ndi mtedza m'minda ya anthu, kufunafuna chuku chabwino choti chizipitikitsa chuku chapoizoni chimene chimagwira mtedza. M'mabotolo a m'firijimo tsopano munali mtedza wovala ubweya wobiriwira, wina wakuda, wina ukuchucha madzi.

"Anzake akuntchito anaimba foni, achimwene," anatero Agnesi. "Abwera Lachisanu kudzatenga."

"Lachisanu? Mkazi wanga akulowa muno mawa."

"Uti?"

"Wamng'ono, wa ku Mtakataka."

Agnesi anawayang'anitsitsa. Dothi la pamanda linali lisanaume n'komwe. Anakumbukira kuti dzana, kwaya ikuimba panja, anawapeza akuyeza mazenera ndi chingwe.

A Zakariya anagwira botolo limodzi ndi nsonga za zala, n'kuliponya pabwalo. Linasweka, ntchentche n'kuunjikana pomwepo.

"Anthu akuti ndi zithumwa izi," anatero.

"Anthu akewo ndinu. Munabwerako kangati akudwala? Musakhudzenso china."

Iwo anapukuta zala pathalauza, n'kupita kukakhala pansi pa mtengo wa mango.

Agnesi anabweretsa beseni nayamba kulongedza mabotolo aja kuti akasunge kwake. Kawiri konse anathamangira panja kukasanza. Botolo lililonse linali ndi kapepala ka dzina la mwini munda. La pansi penipeni linalembedwa ndi dzanja lonjenjemera, sabata imene Modesta analeka kuyenda: "Munda wa a Mwanjuma. Chuku choopsa, ana asadye. Ndikawapatse mtedza wanga."

Agnesi anawerenga kawiri. A Mwanjuma anali mayi wamasiye wa kutsidya kwa msewu, wolera zidzukulu zisanu.

Anasamba m'manja ndi sopo, nalowa m'chipinda chosungira mbewu. Anamasula thumba la mtedza wa Modesta, nadzaza dengu mpaka pakamwa. Anasenza, nadutsa pa mango paja osayang'ana kumbali.