Manja Ogwira Makoswe

"Imani pomwepo," anatero Madina mwamuna wake Binali atangokankha chitseko cha chipinda chimene ankachita lendi ku Mayfair, kudziko la eni. "Mwanayu musamukhudze."

Binali anaima ndi jumbo ya buledi m'manja. Nadia, khanda lawo, ankatambasula timanja kufuna bambo ake, koma Madina anamutembenuzira kukhoma.

"Ndakumana ndi a Benedicta ku butchala, aja mumagwira nawo ntchito. Akuti amuna anu ndi katswiri, khoswe akamugwira pakhosi saphupha n'komwe. Amvekere, mwayi wake ndi Msilamu, akanakhala wa kwathu ku Dedza bwenzi akubwera naye kunyumba ngati ndiwo. Anthu onse pamzere kumaseka. Si inu munkati mumakolopa m'maofesi a madokotala?"

"Kukolopako ndimakolopa."

"Chikomekome cha mkuyu. Fotokozani nyererezo."

Binali anakhala pa chigubu cha madzi n'kufotokoza. Kuntchitoko madokotala ankafufuza kachilombo kamene kamatseka ana pachifuwa nyengo yozizira. Ankaweta makoswe m'timabokosi tosanjikizana mpaka kudenga. Ntchito ya Binali inali kukokolola utuchi wonyowa ndi mikodzo, kutsuka timabokosito, ndi kugwira khoswe pamene dokotala akumudonthezera kachilomboko m'mphuno. Pakapita masiku, makoswewo ankawapha n'kuwachotsa mapapo, tinthu tofiira tochepa ngati nyemba. Zotsalazo ankanyamula ndi iye m'majumbo.

Madina anatseka pakamwa ndi nsonga ya mpango.

"Ndiye manja omwewo mumapisa m'mbale imodzi ndi ine. Manja omwewo mumatawazira popita kokaswali."

"Ndimavala magulovesi, mayi a Nadia, ndi masiki. Sungatuluke pageti usanasambe. Mukuyesa ine sizindinyansa? Tsiku loyamba ndinasanza. Mpaka lero fungo lake limanditsatira mu takisi. Koma munatopa ndi maganyu anga a ku Kya Sand, munkafuna ndipeze ntchito yokhazikika. Walira mvula walira matope."

"Matope, osati mikodzo ya khoswe."

Kuyambira pamenepo Binali ankagona pansi. Ankangomuonera Nadia patali, n'kumamuseketsa ndi nkhope.

Kuzizira kwa Juni kutafika pachimake, Nadia anayamba chimfine. Kenako anasiya kuyamwa. M'mawa wina Madina atamuvula anaona khungu likulowa pakati pa nthiti mwanayo akamakoka mpweya, ndipo pachifuwa pankalira ngati kawenzulo.

"Mwabwera nazo," anatero osakweza mawu. Binali nayenso mumtima ankadzifunsa zomwezo.

Kuchipatala anawagoneka mu wodi ya ana. Munali modzaza. Mabedi ena anagonekapo makanda awiriawiri, aliyense ndi kapaipi ka mpweya m'mphuno. Namwino wina wojintcha, dzina lake Tryphina, analowetsa kachubu m'mphuno mwa Nadia, makina n'kuyamba kukoka mamina olimba, achikasu, omwe ankatsetserekera m'botolo. Pabedi loyandikana mwana wina anasanzira mayi ake pachifuwa.

Madina anamukokera namwinoyo pambali n'kumuuza m'Chizulu chake chothyokathyoka kuti bambo a mwanayo amagwira makoswe odwala matenda omwewo.

Tryphina anamuyang'ana, n'kuloza wodi yonse ndi chibwano.

"Sisi, ana onsewa abambo awo amagwira makoswe? Uyu bambo ake ndi dalaivala. Uyo alibe n'komwe bambo. Kachilomboka kali mu takisi, m'tchalitchi, pamasitepe a fulati yanu. Chaka chilichonse bedi limasowa muno. Ngati alipo amene akukavutitsa kachilomboka, kaya ndi makoswe kaya ndi chiyani, musiyeni agwire ntchito."

Madina sanakhutire, koma mseru unamugonjetsa. Anathamangira kuchimbudzi. Nadia anayamba kulira n'kumazula kapaipi kaja, ndipo Tryphina, posadziwa za lamulo la kunyumba, anamunyamula n'kumuika pachifuwa pa Binali.

"Baba, mugwireni chonchi, mutu m'mwamba."

Binali anamugwira mosamala, chala chimodzi chikuchirikiza kapaipiko. Mwanayo analira pang'ono n'kugona. Madina pobwera anaima pakhomo la wodi. Anaona manja aja pamsana pa mwana wake, khungu lonse linamuyenda nyerere, koma sanamulande.

Nadia anatuluka m'chipatala sabata yotsatira, ataonda koma akuyamwa. Madzulo a Lamlungu amalume ake a Madina, a Yakub, anabwera kudzazonda, ndipo ananena kuti kufakitale ya mapulasitiki kumene ankagwira ntchito kukufunika munthu wonyamula katundu.

"Ntchito yoyera, mkamwini. Anthu asiye kukunena kumzikiti."

Binali anawayankha mwaulemu.

"Zikomo amalume, koma mawa ndibwerera komwe kuja. Ndaona mmene mwana amapumira akamabanika. Makoswe aja amapumanso choncho, ine ndikuwagwira. Zimandinyansa, koma tsopano ndikudziwa chimene amafera."

A Yakub anapukusa mutu n'kutsanzika. Madina anatsuka makapu, anagoneka mwana, kenako anatenga lezala latsopano n'kukhala pamkeka.

"Bweretsani manjawo."

Binali anawapereka. Madina anakwinya mphuno ngati wagwira nsomba yoola, n'kuyamba kumuwenga zikhadabo, chimodzichimodzi, mpaka pamnofu.