Pomwe Tala Anayenera Kuthera

Akapitawo athu akafuna kuyeza msewu amayamba avula magalasi. Amawaika m'thumba la malaya, kenako n'kumayenda chafutambuyo, maso ali pa chikwangwani. Malembo akangoyamba kuwachitira chimbuuzi, amaima n'kukhoma chikhomo. Tala amathera pamenepo.

Si misala ayi. Khonsolo italephera kukonza msewu, kampani ina ya sopo inadzipereka, koma ndi lamulo lake: tala afike pokhapo pamene munthu angawerenge chikwangwani chawo. Kupitirira apo, matope ndi a eni ake. Ndiye munthu wa maso ofooka mabwana amamukonda.

Ine ndinkayendetsa rola, chimakina chopsinja tala chija. Lachinayi chikhomo chinagwa patatsala mapazi makumi asanu kufika pageti la chipatala cha amayi oyembekezera. Mvula ikagwa, pamenepo galimoto imakana. Mng'ono wanga anadutsapo pa wilibala chaka chatha, matenda atayamba, mlamu wanga akukankha.

"Akapitawo, tavalani magalasi muyezenso," ndinatero.

"Iwe ntchito yako ndi rola."

Ndinatsika, n'kuyenda mpaka pageti, n'kutembenuka. "'Zovala zoyera, msewu wosalala.' Pansi pake pali nambala ya foni. Ndikuwerengereni?"

"Unaloweza pamtima."

"Inu munaloweza kusaona."

Amuna a mafosholo anaseka mobisa. Adalaivala a lole ya tala, bambo wamimba yake, anasuzumira pawindo. "Achemwali, ndi maso amenewo mukanakhala wapolisi, bwenzi tonse tili mkati."

"Kampani ikufuna maso a munthu wamba," anatero akapitawo, "wogula sopo."

"Amayi agona mkatimu matewera amachapira mchenga?"

Akapitawo anangoponda chikhomo chija kuti chilimbe.

M'lole munali mutatsala tala wotentha, utsi uli tolotolo. Tonse tinkadziwa kopita kwake. Akazizira sagwira ntchito, ndiye amakatayidwa kuseri kwa depoti.

"Wotaya yemweyu bwanji osathira apa?" ndinafunsa.

"Tikathira popanda chikwangwani, mawa aliyense afuna waulere. Mwana wamkazi iwe, ukangodutsa chikhomo ichi, ntchito yatha. Ndanena pamaso pa anthu."

"Ndamva, bambo."

Ndinakwera rola, n'kuliza injini. Chikhomo chinalowa m'nthaka osamveka n'komwe. Ndinapsinja dothi mpaka pageti, kubwerera, kupitanso. Kachitatu ndinapeza a mafosholo akumwaza miyala, aliyense atazolika ngati sakudziwa chomwe manja ake akuchita. Adalaivala anabweza lole pang'onopang'ono.

"Ine phazi langotsetsereka, akapitawo," anatero. "Ukalamba."

Pofika madzulo tala anali atagunda geti. Anamwino anatuluka, n'kupondapo ndi nsonga ya nsapato, n'kubwerera ku ntchito yawo. Kalata yondichotsa ntchito inandipeza ndikutsuka rola. Inatuluka imodzi yokha, ndipo sindinadandaule. Anzangawo anangotsatira pomwe ine ndadutsa.

Kunyumba ndinapeza amuna anga akusita yunifolomu yawo ya ulonda. Anawerenga kalatayo kawiri, ayironi ili chiimire.

"Mayi a mwana, apa alemba kuti mukapepesa pamaso pa mabwana a sopo, aganizanso."

"Ndikapepese kuti ndimaona?"

"Kugwada sikuthyola bondo. Ine ndimachitira sawatcha anthu oti ndingawabereke, tsiku ndi tsiku."

"Inu mumatha, bambo. Ine bondo langa linauma ndi rola."

Anapukusa mutu, koma ndinaona kuti akudziletsa kuseka. "Ndiye mutani? Muzipsinja mabedi?"

Ndinawauza. Kumene akumanga mlatho, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, akhala akufuna woyendetsa rola kuyambira mwezi watha. Kugona ndi m'zisakasa za malata, kubwera kunyumba kamodzi pamwezi. Ndinkakana chifukwa cha mwana wathu, yemwe akulemba mayeso chaka chino.

"Mwanayo nanga?"

"Ali ndi bambo ake. Kuphika mumatha, mumangonamizira."

Ndinasolola chikwama pansi pa bedi n'kuchikuntha fumbi. Ndinaikamo majombo, magolovesi, laisensi yanga, madiresi awiri ndi bulangete lopepuka. Ovolosi ya kampani, yojambulidwa thovu kumsana, ndinaisiya pa msomali kuti adzatenge eni ake. Zipi inavuta pakona. Amuna anga anazimitsa ayironi, n'kubwera kudzakanikiza chikwamacho ndi bondo mpaka chinatseka.