Mapepala a Wilkin

Wofufuza zaka za osewera, Señor Almonte, anafika m'tauni ya Baní Lachiwiri m'mawa, ndipo Eliezer anamuda mlendoyo asanatsike n'komwe m'galimoto.

Eliezer anali katswiri woponya mpira wa besibo. Timu ina ya ku America inkamufuna, koma matimu amenewa amasankha anthu ngati nkhuku za pamsika, yokhwima saiyang'ana. Iye anali ndi zaka 23. N'chifukwa chake ankasewera ndi mapepala a Wilkin, mwana wa Doña Fior, amayi aang'ono a Eliezeryo. Wilkin anamwalira ali khanda, imfa yake osalembedwa kuboma, ndipo akanakhala ndi zaka 19. Bodzali likanaululika, kuponya kukanathera pomwepo.

Anamuneneza ndani? Eliezer ankakayikira wometa tsitsi, anzake a m'timu, ngakhale wansembe, amene masiku amenewo ankamumwetulira mopitirira muyeso.

Pakhonde, Doña Fior anayankha mafunso onse ngati mayi weniweni. Amayi omubereka Eliezer, Doña Ramona, anali atauzidwa kuti asaonekere. Koma mlendo angachoke osamwa khofi, anthu amve kuti chiyani? Anatulukira ndi timakapu. Anafunsa mlendo za shuga, anafunsanso mng'ono wawo, koma kwa Eliezer anangopereka kake osafunsa.

"Mwadziwa bwanji kuti uyu samwa shuga, mayi?" anafunsa Almonte.

"Ndi mwana wa mng'ono wanga. Ndamulera nawo."

"Mphuno nayonso mwalera nawo? Yangokhala yanu ndendende."

"Mphuno ndi ya kumtundu, bambo. Simunaone ya agogo athu, inkafika pakhomo eniake ali kumsewu."

Almonte sanaseke. Anazunguliza kapu pang'onopang'ono.

"Ndili ndi kalata yonena kuti munali ndi mwana wamwamuna, Eliezer. Ali kuti?"

Eliezer anachita mantha. Doña Ramona anamuyang'ana kanthawi, kenako anayang'ana mlendoyo.

"Ndinali naye mmodzi yekhayo. Anamwalira."

Anagwetsa misozi, ndipo sinali yonamizira. Almonte, amene anali ataona kulira kwabodza kwamitundu yonse, anapepesa n'kutseka chikwama chake.

"Ukaponye bwino, Wilkin."

Galimoto itapita, Eliezer anawapeza amayi ake kukhitchini akutsuka makapu. Anali wokondwa, komanso manyazi anamugwira koopsa.

"Mami, ndidalitseni."

Iwo sanatembenuke.

"Mulungu akudalitse, Wilkin."