Dzanja Lamanzere la Bambo Fazal

Ethel Matewere ankagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Ankakhala ku Braunstone, mumzinda wa Leicester ku Mangalande, koma kumayambiriro kwa 2018 ejensi yomwe inamulemba ntchito inamusinthira ku Evington, ulendo wa mabasi awiri. Kumeneko anapatsidwa nyumba zitatu. Yachitatu inali ya Bambo Fazal, mmwenye wa zaka 71 amene sitiroko inawafoola mkono ndi mwendo wakumanja.

Sabata yoyamba sanalankhulane kwenikweni. Chizungu cha bambowa chinkatuluka movutikira, ndipo mwana wawo wamkazi, Bilkis, ndiye ankawayankhira. Tsiku lina Ethel ali kukhitchini anayankha foni ya mchemwali wake wa ku Zomba. Atamaliza anamva mawu kuchokera pabalaza.

"Kwanu n'kuti, mayi?"

Anali a Fazal. Anamuuza kuti anabadwira ku Limbe, kuseri kwa sitolo ya nsalu ya bambo awo, ndipo anachokako ali kale munthu wapabanja. Chichewa chawo chinali chakale, koma chinkatsetsereka pakamwa kuposa Chizungu. Kuyambira tsikulo awiriwa ankacheza mpaka nthawi ya Ethel kutha.

Nyengo yozizira ikutha, Bilkis anayamba kukonza m'nyumba. Pansi pa masitepe anatulutsa chikwama chodzaza ndi tinthu tapulasitiki tozungulira, timene Ethel anatiyesa zivundikiro za ndowa. Bilkis anati chipite kusitolo ya zinthu zothandizira osowa. A Fazal anakana, nakumbatira chikwamacho ndi dzanja lawo lamphamvu lija.

Anamufotokozera Ethel kuti amenewo ndi madisiki a masewera ofanana ndi gofu. Munthu amaponya disiki kuchokera kutali, n'kukaitola pamene yagwera, n'kuponyanso, mpaka ilowe m'dengu lachitsulo lokhala ndi matcheni. Amene wamaliza madengu onse ataponya kochepa ndiye wapambana. Iwo anasewera zaka zisanu ndi zitatu atapuma pantchito, kupaki ina kunja kwa Leicester, mpaka matendawa anawagwetsa. Tsopano zala zakumanja sizinkapindika.

Ethel anawafunsa kuti nanga dzanja lamanzere lalakwa chiyani. Adokotala anali atanena kale kuti bambowa aziyenda ndi kulimbitsa thupi, koma iwo ankangokhala pampando kuyang'ana pawindo. A Fazal anaseka, nati dzanja limenelo silinaphunzirepo ngakhale kugwira supuni. Patapita masiku awiri anavomera, koma anati sangaphunzire okha ngati chitsiru. Ethel nayenso aziponya.

Atamuuza kuti asankhe yake, Ethel anatenga yofiira, yopyapyala, yakuthwa m'mphepete, poti ndiyo inkaoneka bwino. A Fazal anapukusa mutu. Anati imeneyo ndi dalaivala, yopangidwira mkono wothamanga kwambiri. Wongoyamba akaiponya imapita pang'ono, n'kukhotera kumbali, n'kugwa ngati nkhuku yoduka phiko. Anamupatsa madisiki awiri osakongola. Ina inali yonenepa m'mphepete, yotchedwa pata, yoponyera m'dengu uli pafupi. Inayo inali midi, yopepuka, yomwe imauluka mowongoka ngakhale mkono uli wofooka. Kenako anatenga madalaivala awo onse, amene kale ankawanyadira, n'kuuza Bilkis kuti awaike pamwamba pa kabati pomwe iwo sangafikepo.

Kagwiridwe anamuphunzitsa ali pampando. Pofuna kuponya kutali, zala zinayi zipinde pansi n'kukanikiza mkombero wa disiki, chala chachikulu chikhale pamwamba. Pofuna kulunjika dengu, zalazo zitambasuke pansi pa disiki ngati munthu wonyamula sosala. Ethel anafinya mpaka zala zinayera.

"Musaiphe," anatero a Fazal. "Igwireni ngati dzanja la mwana powoloka msewu. Asapulumuke, komanso asalire."

Anayambira kuseri kwa nyumba, ataika basiketi ya zochapa pampando. Ethel ali kusekondale ankasewera mpira wamanja, ndipo ndiye ankagoletsa zigoli, choncho kulunjika basiketi sikunamuvute. Kuponya kutali ndiko kunamusautsa. Kawiri konse anakagogoda kwa aneba kupempha disiki yomwe inadumpha mpanda.

A Fazal zinthu zinawavuta kwambiri. Mutu unkadziwa zonse, koma dzanja silinkamva. Disiki inkapulumuka nthawi isanakwane n'kugwera pamapazi pawo. Mu Meyi, atalephera kakhumi motsatizana, anatenga ndodo yawo n'kulowa m'nyumba. Kwa masabata awiri sanafune kumva za madisiki, ndipo Chichewa chawo chinachepanso.

Ethel sanawakakamize. Koma anali ataona kuti madisiki amene bambowa ankasankha anali a pulasitiki yolimba, yonyezimira, yoterera. Kwa munthu wa zala zamphamvu imeneyo si nkhani. Anakhuthula chikwama chonse patebulo n'kupeza pansi penipeni pata yakale yotuwa, yofewa ngati labala, yokalikakalika. A Fazal anati imeneyo ndi yotaya, anaigula akuyamba kumene. Ethel anawayankha kuti panopanso akuyamba kumene. Anaiika m'dzanja lawo lamanzere n'kukanikiza chala chawo chachikulu, ndipo chinalowa m'pulasitikimo n'kukhazikika.

A Fazal anatuluka nayo panja. Disiki yoyamba inagunda mwendo wa mpando. Yachiwiri inagwera m'basiketi. Tsiku limenelo anaponya mpaka Bilkis anachita kuwaitana kuti adzamwe mankhwala.

Chilimwe chonse ankapita kupaki ya ku Evington, poyamba ndi njinga ya olumala, kenako ndi ndodo yokha. Ankasankha mtengo n'kumaulunjika. Mu Ogasiti a Fazal ananena kuti kalabu yawo yakale imachita mpikisano wa awiriawiri mwezi wa Seputembala. Onse awiri amaponya, n'kusankha disiki yomwe yagwera pabwino, n'kuponyeranso pomwepo. Anati akufuna alowe ndi Ethel. Bilkis anakana kaye poopa kuti bambo ake agwa. Atawaona akuyenda kuzungulira paki yonse, anavomera kuwaperekeza pagalimoto. Ethel anapempha kuti Lamlungu limenelo asakhale pa shifiti.

Kunali mphepo. Magulu analipo khumi ndi awiri, ndipo ambiri anabereka zikwama zodzaza madisiki. Ethel ndi a Fazal anali ndi awiriawiri basi, m'jumbo ya kusitolo. Anzawo akale anawathamangira a Fazal mwachikondi, koma ankawalankhula mokweza ndi pang'onopang'ono ngati akulankhula ndi wodwala m'chipatala. Dan, mzungu amene ankayendetsa mpikisanowo, anawauza kuti akhoza kumaponyera pafupi kusiyana ndi ena. A Fazal anathokoza m'Chizungu chawo chodukaduka n'kunena kuti aponyera pomwe aliyense akuponyera. Kenako anatembenukira kwa Ethel.

"Akutimvera chisoni, mayi. Tiyeni."

Madengu anali asanu ndi anayi, ambiri ali m'kati mwa mitengo. Pa loyamba, anyamata awiri a ku Nottingham amene anayenda nawo limodzi anaponya madalaivala awo mwamphamvu. Imodzi inawomba mtengo, ina inatengedwa ndi mphepo n'kukagwera m'minga. Midi ya Ethel sinafike ndi theka lomwe la mtundawo, koma inatera pakati penipeni pa njira. Umo ndi mmene tsiku linayendera. Onse ankaponya, koma kawirikawiri Ethel ndiye ankaponya bwino yapatali, a Fazal n'kuyandikitsa kudengu, Ethel n'kulowetsa. Sanataye disiki ngakhale imodzi, pomwe ena ankataya nthawi m'tchire ndi m'mphepete mwa dziwe.

Pofika dengu lachisanu ndi chimodzi mwendo wa a Fazal unayamba kukoka. Bilkis ankawatsatira ndi kampando kopinda, ndipo bambowo ankakhalapo podikira nthawi yawo. Ethel anawafunsa ngati alekere pomwepo. Iwo anangomupempha kuti awatikite zala, poti zinazizira.

Pa dengu lomaliza Dan anabwera ndi pepala lake n'kuwauza kuti akalowetsa poponya kachitatu akhala pa nambala yachitatu. Magulu amene anamaliza kale anasonkhana pafupi. Ataponya kawiri, disiki yabwino inali mapazi khumi kuchokera padengu. Ethel anayamba. Maso a anthu aja anamulemera, dzanja linafinya, ndipo pata yake inagunda chitsulo cha m'munsi n'kugubuduzika pa udzu. Linali dengu loyamba kuliphonya ali pafupi chotero tsiku lonselo. Anachita manyazi osatha kuwayang'ana a Fazal.

Bambo aja anadzuka pakampando, napereka ndodo yawo kwa Bilkis. Anaima okha, mwendo wamanzere patsogolo. Anatambasula zala pansi pa disiki, nadikira kuti mphepo idutse. Anaponya mosafulumira. Disiki inayandama mowongoka, inalowa pakati pa matcheni, ndipo matcheniwo analira mpaka anamveka kumalo oimika magalimoto.

Anthu anaomba m'manja ndi kukuwa. Anyamata a ku Nottingham aja anali oyamba kudzawagwira chanza, ndipo mmodzi anapempha kuti aione disikiyo n'kumaitembenuzatembenuza modabwa. Bilkis ankafuna kujambula ndi foni, koma misozi inamulepheretsa, moti anajambula udzu wokhawokha. Ethel analuluta, mwina koyamba chibwerereni ku Mangalande, osalabadira kuti azungu aganiza chiyani.

Anapatsidwa kachikho kakang'ono ka nambala yachitatu. A Fazal anati kakakhale ku Braunstone. Ethel anakana, nati disiki yomaliza inali yawo. Anakangana mpaka Bilkis anagamula kuti kazikhala mwezi uno kuno, mwezi winawo uko.

Asananyamuke, a Fazal anamuitana Dan n'kumufunsa tsiku la mpikisano wotsatira. Dan anati ndi Loweruka lachiwiri la Okutobala, ku Derby, ndipo madengu ake ndi khumi ndi asanu ndi atatu. A Fazal anamuuza kuti alembe mayina awiri. Ethel anayang'ana ndandanda ya ntchito pafoni yake n'kupeza kuti tsikulo ali pa shifiti ya m'mawa. Ali m'galimoto momwemo anamuimbira mnzake wakuntchito Sylvia kuti asinthane.