Njinga ya ku Dordrecht

Dorcas ankasamala Mama Saidi, gogo wamasiye amene miyendo inali itamukana, m'nyumba ina yaikulu ku Nuaija, dera la mumzinda wina wa m'chipululu, kutali ndi kwawo. Mu Julaye 2016, kunja kukutentha ngati mu uvuni, Saidi, mwana wa gogoyo, anabwera ndi mapasipoti m'manja.

"Dokotala akuti amayi akapume kozizira," anatero. "Longeza majuzi, upita nawo. Yalla, fulumira."

Chawezi, dalaivala wa pakhomopo, ndiye anawaperekeza ku eyapoti. Potsitsa zikwama ananong'oneza Dorcas: "Asisi, mukakawona mvula mundijambulire. Ndayisowa."

Anakakwera sitima ku Jeremani, pa mtsinje wa Rhine. Inali yaitali, yoyera, yoyenda pang'onopang'ono moti tiyi sankagwedezeka m'kapu. M'mawa uliwonse Dorcas ankakankha chikuku cha gogoyo mpaka padenga pa sitima, n'kuwafunditsa bulangeti. Nkhungu inkayandama pamwamba pa madzi. Ng'ombe zinkatulukira mmenemo, kenaka nsanja ya tchalitchi, kenaka munthu yekhayekha ali ndi mbedza, zonse n'kuzimiriranso. Nthawi zina Dorcas ankadzitsina pamkono.

Tsiku lachisanu anafika m'tauni ya Dordrecht, dzina limene lilime la Dorcas linalephera. Nyumba zake zinali zopyapyala, zopanikizana, zitaima m'madzi ngati anthu owoloka mtsinje atagwirana manja. Saidi anakhazika amayi ake pamalo omwera khofi m'mbali mwa ngalande, iye n'kupita kukayankha foni.

"Pita ukayende," anatero Mama Saidi.

"Mama, ndikusiyeni nokha?"

"Ndithawira kuti? Khalas, basi, pita."

Dorcas anayenda osadziwa kolowera. Pa kamlatho kena anaima n'kumayang'ana njinga yakuda, yokhala ndi basiketi kutsogolo. Mwini wake, mayi wa imvi amene ankathirira maluwa pakhomo, anamuwona. Sanamvane chilankhulo, koma mayiyo anamasula loko, n'kuloza msewu.

Njinga anali atayikwera komaliza kwawo ku Balaka, atamanga thumba la chimanga pakaliyala. Poyamba inagwedera. Kenaka mapazi anakumbukira okha. Anadutsa pansi pa mitengo, mithunzi ya masamba ikumuyenda pankhope. Anadutsa maboti ogonamo anthu, okhala ndi makatani m'mawindo, ndi bakha amene ankatsogolera ana ake. Kamvula kanayamba kuwaza, kopepuka ngati ufa, ndipo anatsegula pakamwa kuti kamugwere pa lilime. Za foni ya m'thumba anaiwaliratu. Belu la tchalitchi litalira, m'pamene anadzidzimuka kuti wakhalitsa.

Anabweza njinga, nathamangira kumene anasiya gogo. Anamupeza ali yekha, khofi atazizira, maso ali pamlatho.

"Wadutsa apo katatu," anatero Mama Saidi, "ukuseka wekha."

"Pepani, Mama."

"Ine sindinakwerepo. Mchimwene wanga anali nayo, yofiira. Ndinkangoigwira chiwongolero bambo akachokapo." Anatembenukira kwa Dorcas. "Tandiwuza, m'mimba mumamveka bwanji ukamatsetsereka?"

Dorcas anayang'ana msewu wa m'mbali mwa ngalande: unali wosalala, wopanda anthu, wotsetsereka pang'ono kulowera kudoko. Anamasula mabuleki a chikuku.

"Gwiritsitsani, Mama."

Anayamba ndi kuyenda, kenaka n'kumathamanga. Mpango wakuda wa gogoyo unakupiza kumbuyo. Nkhunda zinabalalika. Mama Saidi anakuwa kamodzi, Dorcas n'kufuna kuima, koma gogoyo anamenya chogwirira ndi chikhatho.

"Yalla! Yalla!"

Saidi anawapeza padoko, onse awiri akupuma mwawefuwefu, masaya a amayi ake atanyowa. Anafunsa chimene chachitika. Dorcas anangomanganso mabuleki a chikuku.

Mama Saidi anamwalira chaka chotsatira, m'chipinda chawo ku Nuaija, Dorcas akuwapesa tsitsi m'mawa. Maliro atatha, Dorcas anapeza ntchito yoyala mabedi pahotela ina ku West Bay, mumzinda womwewo, ndipo amene ankagwira naye ntchito ankati ndi munthu wosalankhulalankhula.