Nambala 214 Yatuluka

"Musakhudze galasi, agogo," anatero mayi wofotokozera alendo, koma a Fosholo anali atakanikiza kale mphuno pagalasipo ngati mwana pawindo la sitolo.

A Fosholo anakumba mumgodi zaka zambiri, mpaka tsiku limene denga la pansi linagumuka. Mgodi utatsekedwa, ofesi yake inasanduka nyumba yosungira zinthu zakale, koma iwo anali asanapondemo phazi. Tsikuli anachita kukokedwa ndi akazi awo, omwe kunena zoona ankangofuna poonetsera nsapato zatsopano.

M'galasimo munali thabwa lokhomedwa misomali. Mayiyo anafotokoza kuti aliyense anali ndi kachitsulo ka nambala yake. Potsika ankakakoleka mbali yolembedwa "Ali pansi," akabwerako n'kukasamutsira ku "Atuluka."

"Tinayi tatsala uku ndi ta anthu amene sanatuluke tsiku la ngozi," anatero motsitsa mawu.

"Atatu," anatero a Fosholo.

"Anayi, agogo. Zalembedwa apa."

"Mwana wanga, 214 ndine. Ndikuoneka ngati mzukwa?"

Eee, alendo onse anasiya kujambula n'kutchera khutu.

"Mzukwa sudya chonchi, mwanawe," anatero akazi awo. "Wophika ndine."

Anthu anaseka, koma a Fosholo nkhope ili gwa. Anafotokoza kuti tsikulo anatuluka omalizira, atabereka mnzawo kumsana, mwendo wawo utaphwanyika. Anangowanyamulira kuchipatala osadutsa pathabwa. Ndipo lamulo la mumgodi linali lakuti kachitsulo ka mnzako sugwira, ngakhale utakhala kapitawo.

"Ndiye zaka zonsezi mwakhala mukuuza ana a sukulu kuti ndinatsala pansi?"

Mayiyo anayang'ana pansi, manyazi atamugwira. "Pepani agogo, koma aliyense atha kubwera n'kutchula nambala. Nditsegula bwanji popanda umboni? Ntchito ingandithere."

"Umboni uli kumbuyo kwake. Ndinazokotapo ndi msomali dzina la mayi awa."

"Langa?" akazi awo anatong'ola maso, manja m'chiuno. "Munthu woti sanandilemberepo ngakhale kalata imodzi? Tsegula, mwanawe. Likakhala la wina, lero atsaladi pansi."

Mayiyo anazengereza, kenako anavula kiyi m'khosi. Atatsegula anafuna kutola kachitsuloko, koma a Fosholo anamugwira dzanja.

"Ayi. Mwini wake alipo."

A Fosholo anakachotsa pamsomali n'kukatembenuza. Akazi awo anasendera pafupi, natsinzina diso limodzi poti magalasi anali atawaiwala kunyumba. Anawerenga kawiri. Linalidi dzina lawo.

"Zilembo zokhotakhota," anatero potsiriza, akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

A Fosholo anawongola msana, natsimphina masitepe awiri, n'kukoleka 214 mbali ya "Atuluka." Bambo wina kumbuyo anayamba kuwomba m'manja, ena onse n'kutsatira.

"Nanga atatuwa, agogo?" anafunsa mayiyo. "Ife timangodziwa manambala."

"Ine ndikuwadziwa mayina, ndi kwawo komwe. Uli ndi cholembera?"

Mayiyo anathamanga kukatenga kope ndi mpando. A Fosholo anakhala pansi, nayamba ndi 87.