Matumba Ankathera pa P

Boma litasiya kugawa feteleza, ntchitoyo inagwera kakampani kena kogula chimanga, ndipo ine, Lighton Banda, ndinali pa kompyuta yawo kuseri kwa siteshoni ya sitima. Palibe anandiphunzitsa. Ndinkangogogoda mpaka makinawo atamva.

Mayina a alimi onse, kuyambira ku Shimabala mpaka kumtsinje, anali mufayilo imodzi, yaikulu moti ndikalemba SORT kuti isanje mayinawo, kompyuta inkakana. Ndiye ndinkaidula patatu: A mpaka L, M payekha chifukwa cha a Mwale ndi a Mwanza, kenako N mpaka Z. Kusanja chidutswa chilichonse, kulumikiza, fani yakufa, thukuta kamukamu.

Pageti ankaitana mayina momwe ndasanjira. Matumba ankathera pa P.

Ba Edna Zyambo, mayi wamasiye wolima ku Shimabala, anandipeza pawindo.

"Iwe wamakina, shani, uli bwanji? Chaka chatha ninabwelela na wilibala yopanda kanthu. Chaka chino nibwele nayo futi, olo niisiye ipumule?"

"Mayo, ni kompyuta imasanja."

"Kompyuta yako inakwatiwa kwa Banda?"

Anthu anaseka. Ine mtima unandiwira. Ndinalowa kwa ba Evaristo, manijala, osagogoda.

"Onjezani matumba!"

"Kauze thiraki ibale mwana," anatero osadzutsa mutu.

Ndinabwerera pampando. SORT ali ndi kamchira kake, /R, kamene kamasanja chobwerera m'mbuyo. Ndinkadziwa bwino kuti atate, amene anayamba kulima atawachotsa ntchito kufakitale, ali pa B. Ndinakhala ndithu chala chili m'malere. Kenako ndinadina, zidutswa zonse zitatu, n'kuzilumikiza Z ali pamwamba.

Tsiku logawa, wapageti anakuwa: "Zyambo!"

Ba Edna anacheuka, ngati akuitanidwa wina. Kenaka anakankha wilibala, ikulira kwiyo kwiyo pakati pa a Banda amene anazolowera kuima kutsogolo.

Matumba anathera pakati pa a Mwale.

Madzulo ndinawalandira atate wilibala yawo. Inali yopepuka zokwiyitsa. Mitambo inali itayamba kale kuda cha kumtsinje.

"Ndiwe?" anafunsa.

"Ndine, atate."

Tinadutsa msika. Pa njanji anaima, akupukuta nkhope ndi chipewa.

"Nanga chaka chamawa uyambira pati?"

"Kaya. Mwina pakati."

"Matumba ni yamene yaja," anatero. "Kankha, tiyeni."